Phulusa la M'sefa ya Kamyau

1. Kamyau yokwawa

Kamyau ya anthu a ku Kamphande inalowa m'bwalo la ofisina yokonzera magalimoto ya a Ambrósio ku Fíngoè ikuchita kukwawa. Kumbuyo inasenza malata makumi asanu ndi limodzi. Pachiwongolero panali a Jossias, bambo wachikulire wa chisoti chakhaki, amene anatsika akupukusa mutu. Kunena zoona, mbuzi yotsimphina ikanaipitirira galimoto imeneyo popanda kutuluka thukuta.

"Mesitiri mulipo?" anafunsa a Jossias.

"Ndilipo, maso okha ndiwo adachoka," anayankha a Ambrósio ali pampando pansi pa mtengo wa mango. "Ndaimva ikadali kumsika. Ikupuma ngati munthu wa mphumu. Ivete, taiona."

Ivete anasiya njinga yamoto imene ankamanga tcheni, napukuta manja. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mwana wa mlongo wawo wa a Ambrósio. Anaphunzira zokonza magalimoto chaka chimodzi ku Tete, ndipo anabwerako maso a amalume ake atachita ng'ala. Chiyambire pamenepo ofisina ija inkayenda ndi makutu a mkuluyo ndi manja a mtsikanayo.

Galimoto imeneyi Ivete ankaidziwa bwino, pakuti ku Kamphande, kufupi ndi Chipera, kunali kwawo. Nkhondo itavuta, mudzi wonse unathawira ku Zambia, ndipo pobwerera anthu anapeza sukulu yawo itasanduka chulu. Zaka makumi awiri ana anaphunzirira pansi pa mtengo. Kenako anthu anatopa nazo. Anasonkha chimanga ndi mbuzi zaka zitatu mpaka anagula kamyau yogwirapo kale ntchito kunja. Amayi anaumba njerwa, abambo anaotcha, makoma a sukulu anakwera.

Koma makomawo anamangidwa ndi dothi, osati simenti, ndipo khoma la dothi lopanda denga mvula silimbana nayo. Uwu unali mwezi wa Novembala. Madzulo alionse mitambo inkaunjikana kumpoto. Njerwa za khoma lakum'mawa anaumba ndi a Genoveva, mayi ake a Ivete, pamodzi ndi amayi anzawo asanu.

"Malatawa afike lero, mwana wanga," anatero a Jossias. "Amisiri adakhoma kale mitengo ya denga, akungodikira ine. Koma galimotoyi ikafika pachitunda imangolira, mphamvu zii."

2. Madzi a m'payipi

Ivete sanayambe ndi sipanala. Anayamba ndi mafunso, monga anamuphunzitsira: vuto linayamba liti, utsi ukutuluka wotani, dizilo amagula kuti. Kenako anatsegula sefa ya mpweya naigogoda, natsegulanso sefa ya dizilo. Zonse zinali bwino ndithu.

Atakwera pampando wa woyendetsa, anaona tizidutswa tiwiri ta tepi yakuda. Kena kanamatidwa pagalasi la kutsogolo kwa chiwongolero, kena pabatani lina cha pambali. Anamatula koyambako. Pansi pake panali kanyali kachikasu kakuyaka chiyakire.

"Abambo, tepiyi anamata ndani?"

"Ndine. Kanyaliko kankandithobwa m'maso. Poyamba kankangophethira, kenako kadangoyakiratu."

"Nanga batanili?"

"Limenelo lidalembedwa zilembo za ku Japani. Chinthu chosawerengeka sachikhudza."

Alipo anthu otere, amene nyali ya chenjezo ikasiya kuoneka amati matenda atha. A Ambrósio anakhosomola pampando paja, ndipo aliyense anadziwa kuti akubisa kuseka.

Ivete anadina batani lija, koma galimoto sinayankhe chilichonse. Makina oyezera magalimoto otere anali ku Tete, ulendo wa tsiku lathunthu. Choncho anathamangira kwa amisiri amene ankamanga sitolo pafupi ndi msika, nabwereka payipi yawo yoonekera m'kati, ija amathiramo madzi poona ngati khoma lalingana.

Analowa kunsi kwa kamyau. Pakati pa mpope wa utsi panali chitini chachikulu ngati mtondo wosinjira. Kutsogolo kwa chitinicho kunatuluka kapayipi kakang'ono. Ivete anakazula kumapeto kwake, nalumikizako payipi ya amisiri. Anaipinda pakati, nathiramo madzi, nsonga inayo n'kuipereka kwa a Jossias.

"Igwireni chilili. Sefa ya utsi ikakhala yabwino, madziwa akwera zala zitatu kapena zinayi basi."

Analiza injini. Madzi aja anakwera kupitirira chikhatho, kupitirira chigongono. Ataponda mafuta pang'ono, anatumphuka n'kunyowetsa malaya a a Jossias.

"Nthenda ndi imeneyo," anatero Ivete atazimitsa injini. "M'chitini umu muli sefa yonga chisa cha njuchi. Utsi umadutsa, mwaye umatsala. Mwaye ukachuluka, galimoto imadzitenthetsa yokha kuti iuotche. Imafuna ithamangeko mtunda wautali, kapena muiimike, mudine batani lija, muisiye ilire mpaka imalize. Kodi siinkayamba kulira mokweza yokha, n'kumatulutsa fungo la chitsulo chotentha?"

A Jossias anayang'ana pansi. "Inkatero kawirikawiri. Ndiye ndinkaizimitsa."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse. Ndiponso ine sindithamanga. Ndidaphunzira kuyendetsa pamisewu ya mabomba, giya yachitatu ndiye malire anga."

Ivete sanawadzudzule. Anangowauza kuti sefa tsopano inali itatsekeka moti galimoto yokha singathenso kuiyeretsa. Inafunika kuchotsedwa, kutsukidwa, kenako kuyanikidwa tsiku lathunthu. Malata akananyamuka mkuja m'mawa.

"Mkuja," anabwereza a Jossias, maso ali kumpoto.

3. Mgwala wa Leonel

Ku Fíngoè nkhani siyenda pansi, imakwera njinga yamoto. Lisanakwane ola, Leonel anatulukira ndi mgwala atamangirira kumbuyo. Anali mnyamata wokonza magalimoto a okumba golide, wamanja opepuka komanso wapakamwa popepuka.

"Mana Ivete, mlongo wanga, ndamva kuti mwalandira wodwala wa filituru, sefa ya utsi ija," anatero akumasula mgwala uja. "Mankhwala ake ndi awa. Timasula chitini, tiboole zam'katizo, tikhutule, tibwezeretse. Ola limodzi. A Jossias akagona ku Kamphande lero."

Nkhope ya a Jossias inawala.

"Ukaboola sizibwereranso, Leonel," anatero Ivete. "Sefa ina ilibe kogula kuno. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti zinthu sizikugwirizana imasokonezeka. Ina imayenda, ina imadzakana pakatha masabata, ndipo apo ine sindingaidzutsenso."

"Ndaboola zinayi, zonse zikuyenda."

"Nanga ya a Nazário ija yakhala pamiyala kuseri kwa msika?"

"Ija inali ndi matenda ena."

"Zitatu zotsalazo umaona utsi wake? Zija zimanyamula miyala. Iyi imanyamula ana, imanyamula amayi oyembekezera kupita nawo kuchipatala, ndipo onsewo amakhala kumbuyo kumene utsi umathera. Ikuyeneranso kubwera kuno kasanu kudzatenga matabwa, simenti ndi mabenchi."

Leonel anaseka. "Zengerezu adalinda kwawukwawu, mana. Iwe ukuwerenga mabuku a ku Tete, mvula ikuwerenga masiku. Khoma likagwa udzawauza chiyani amayi ako?"

Mawu amenewo anamulasa Ivete, chifukwa anali oona. Anakumbukira mayi ake ataima m'dzenje la dothi miyezi iwiri, mapazi atang'ambika ming'alu. Leonel anasiya mgwala uja pafupi ndi mapazi ake, ndipo mtsikanayo sanaukankhe.

"Mesitiri, gamulani ndinu," anatero a Jossias.

4. Hamala ya m'bokosi

A Ambrósio anatembenukira kumene ankamva mpweya wa mwana wa mlongo wawo.

"Ine sindigamula, manja ogwira ntchitoyi si anga. Za masefa a masiku anozi sindizidziwa, ndipo sindinama. Koma changu ndimachidziwa, ndidagona nacho nyumba imodzi.

"Chaka chimene tinkabwerera kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ya Ukwimi ku Zambia, kamyau imene idatinyamula idabooka payipi ya mabuleki akumbuyo. Tidalimo anthu makumi anayi, mitolo, nkhuku, aliyense mtima uli kale kumudzi. Adati, 'Ambrósio, iwe si udaphunzira zamakina ku kampu? Chita zoti tizipita.' Kukonza bwino kukadatenga masiku awiri, kudikira payipi ina. Ine ndidatenga hamala, ndidaphwatika kukamwa kwa payipi ija kuti isatayenso mafuta, tidayenda ndi mabuleki akutsogolo okha.

"Tidafika bwinobwino. Amayi adandiimbira nthungululu, anyamata adandinyamula m'mwamba. Za payipi palibe adafunsanso, ngakhale ine ndidaiwala. Patapita masabata atatu, kamyau yomweyo idanyamula gulu lina la obwerera. Pachitsikiro china cha ku Malowera idakana kuima. Anthu awiri sadaone kwawo. Mmodzi adali mwana wa msinkhu woyamba sikola. Palibe adanditchula dzina, koma hamala imene idagwira ntchitoyo ndimaidziwa. Ili m'bokosi umo mpaka lero.

"Tamvera, mwanawe. Anthu okufulumiza umawaona ndi maso, ndipo amakuyamika kapena kukunyoza tsiku lomwelo. Koma ntchito ya manja ako idzanyamula anthu amene sudzawaona nkhope. Sindikukunamiza kuti mvula idzakudikira, mvula ilibe m'bale. Mwina ukatenga njira yaitali khoma lidzagwa, ndipo adzakunena. Sankha katundu amene ungathe kumusenza mpaka pamsinkhu wangawu."

Nkhani imeneyi Ivete anali asanaimvepo, ngakhale hamala ija anali ataigwiritsa ntchito kambirimbiri.

Anawerama, natola mgwala uja, naupereka kwa mwini wake.

"Zikomo pobwera, Leonel. Nditsuka."

Leonel anamangirira mgwala wake mokoka chingwe mwamphamvu. Ananena kuti mawa ali ndi ntchito cha ku Chipera, ndipo anthu akamufunsa sadzabisa kanthu. Kenako analiza njinga yake nachoka, fumbi lili koboo.

5. Mwaye ndi phulusa

Ivete anazula nthambo za batire, nalowanso kunsi. Mabawuti a chitini anali atachita dzimbiri, ndipo awiri anamutengera ola lathunthu. Anachotsa mosamala tizipangizo tomva kutentha, natikulunga m'nsalu. A Jossias anamuthandiza kutsitsa chitinicho n'kuchiika pa wilibala.

Kumtsinje, mayi wina wokumba golide anawabwereka bomba yake yopopera madzi. Ivete anakana kutsukira m'mphepete mwa madzi, pakuti kumunsi anthu ankatunga akumwa. Anakokera payipi kumtunda, naika chitini pamwamba pa mgolo wodula pakati.

"Madzi alowere kumene utsi umatulukira," anafotokoza. "Litsiro libwerere njira imene linadzera. Ndipo musatsegule bomba yonse, zam'katimu n'zosachedwa kusweka."

Poyamba munatuluka madzi akuda bii. Anakhutula mgolo m'dzenje katatu. Kenako madzi anasintha, nayamba kutuluka otuwa, olemera ngati phala la mwana. Ivete anatapa pang'ono natikita ndi zala.

"Ili si mwaye, ndi phulusa. Mwaye umapsa, koma phulusa silipsa ngakhale galimoto itenthe bwanji. Abambo, oyilo mumathira wotani?"

A Jossias anavula chisoti nakanda m'mutu. "Wa kuchigayo. Amatsala m'chigubu, ndiye ndinkati oliyu ndi oliyu, bwanji tivutitse mudzi kugula wina."

"Galimoto ya sefa ili ndi oyilo wakewake. Winayu akapsa amasiya phulusa ili."

Mkuluyo anavala chisoti chake, nagwiranso payipi, ndipo anatsuka mpaka madzi anatuluka oyera mbali zonse.

A Ambrósio anali ndi lamulo lawo pa ofisina: chimene wachotsa m'galimoto ya munthu, umuonetse mwini wake. Choncho matope otuwa aja atadikha, Ivete anawakokolera m'botolo laling'ono nalitseka.

Tsiku lachiwiri linali la kudikira, ndipo kudikira kumapweteka kuposa bawuti ya dzimbiri. Chitini chinakhala padzuwa pamwamba pa malata, Ivete akuchitembenuza ola lililonse. Anakhetsa oyilo wa kuchigayo uja nathira woyenera. A Jossias anafunsa kawiri ngati sichinaume, ndipo kawiri konse anauzidwa kuti madzi akatsalira m'kati, nthunzi idzang'amba sefa ikangotentha.

Chakumasana foni ya Ivete inalira. Anali mayi ake, atakwera pachulu pamene pamagwira foni ku Kamphande.

"Mwafika pati?"

"Tikadali ku Fíngoè, amayi. Tinyamuka mawa m'mawa."

"Kuno kwada. Tafunditsa makoma ndi udzu, koma udzu waperewera. Wabwera mnyamata wina wa njinga yamoto. Akuti galimoto ikadafika dzulo."

"N'zoona, amayi. Ndinakana ndine."

Foni inaduka. Kaya inali mphepo kaya anali mayi ake, Ivete sanadziwe. Dzuwa lisanalowe kunamveka kugunda kwa mabingu cha ku Chipera, ndipo iye anapitiriza kupukuta mabawuti amene anali atawapukuta kale.

6. Dzanja pa kiyi

M'mawa wa tsiku lachitatu chitini chinabwerera m'malo mwake. Ivete analumikizanso payipi ya amisiri naliza injini. Madzi anakwera zala zitatu n'kuima pomwepo. Kanyali kaja sikanayakenso chiyakire, kanayamba kuphethira, kusonyeza kuti galimoto tsopano ivomera batani.

Anaimika kamyau pamtetete, kutali ndi udzu. Anasesa masamba onse kuzungulira mpope wa utsi, nathamangitsa nkhuku. Kenako anakwera mbali ya wokwera, nauza a Jossias kuti akhale pachiwongolero.

"Mudine ndinu, abambo. Mawa ndi mkuja ine sindidzakhalapo."

A Jossias anamatula tepi yotsala pabatani, nalidina ndi chala chimodzi ngati akukhudza njoka. Injini inakweza mawu yokha. Patapita mphindi zochepa, fungo la chitsulo chotentha linalowa pazenera.

Dzanja la mkuluyo linalumphira pa kiyi.

Ivete analigwira pamkono. Mwana wamkazi sagwira dzanja la munthu wamkulu chotero, ndipo iye ankadziwa zimenezo, koma sanalisiye.

"Pepani, abambo. Mukazimitsa, masiku awiri aja apita pachabe."

Thukuta linatsika m'masaya a a Jossias, ndipo anayankhula maso ali patsogolo.

"Fungo limeneli ndimalidziwa. Nthawi ya nkhondo tinkayenda mondondozana, makamyau khumi. Yakutsogolo kwanga idaponda bomba n'kuyaka. Ankayendetsa ndi mng'ono wanga. Ine ndidaima pambuyo pake, injini yanga ikulira, fungo lili lomweli. Chiyambire tsiku limenelo, galimoto ikanunkha moto dzanja langa limapita lokha."

Ivete anamva chisoni chachikulu. Masiku awiri onsewa ankaganiza kuti mkuluyu ndi wosamva chabe.

"Moto uwu uli m'chitini, sutuluka," anatero mofatsa. "Ngati n'kovuta, tsikani mukaime ndi amalume. Ine ndikhala."

"Woyendetsa satsika n'kusiya mwana m'galimoto."

Anachotsa dzanja pa kiyi. Kenako anachita chinthu chimene Ivete sanachiiwale: anaika manja onse awiri pampando n'kuwakhalira.

Anakhala choncho pafupifupi theka la ola. Kumpope kunatuluka kautsi koyera, kenako kanatha. Pamapeto pake injini inatsitsa mawu yokha, ndipo kanyali kachikasu kanazima.

"Yapuma tsopano," anatero a Ambrósio ali pampando wawo. "Pitani. Ivete, kwera nawo, ukaone ntchito yako pachitunda."

7. Khoma lakum'mawa

Pachitunda choyamba kamyau inakwera ndi malata ake osadandaula. Pamalo oongoka Ivete analoza ndodo ya magiya, ndipo a Jossias, atapuma mozama, analowetsa yachinayi. Anaseka pang'ono ngati mwana amene waba shuga.

Kusekako sikunakhalitse. Atadutsa theka la ulendo, fumbi linatha, msewu unayamba kuda. M'maenje munali madzi.

Anafika ku Kamphande dzuwa litapendeka. Ana anathamangira galimoto akukuwa, koma akuluakulu sanasunthe. Makoma atatu a sukulu anali chiimire, udzu wonyowa uli pamwamba pake. Khoma lakum'mawa, limene udzu sunafikeko, linali pansi kuyambira pazenera kupita m'mwamba, ndipo mitengo iwiri ya denga inkalendewera.

A Genoveva anali pamulu wa njerwa, akusankha zamoyo n'kuziika pambali. Ivete anayenda mpaka anaima pafupi nawo.

"Ndafika, amayi."

"Wafika." Sanadzutse mutu. "Mvula idagwa dzulo chakumadzulo. Sidatenge nthawi."

Ivete anafuna kufotokoza za sefa, za phulusa, za hamala ya amalume ake, koma maso ake anagwera pa mapazi a mayi ake. Zinamupweteka kwambiri kuona mapazi a ming'alu aja ali m'matope kachiwiri.

"Galimotoyo yachira?" anafunsa mayi ake.

"Yachira."

"Ibwereranso ku Fíngoè kukatenga simenti?"

"Ibwerera, kasanu konse."

A Genoveva anatola njerwa, naigogoda kuti amve ngati ili yamoyo, naiika m'manja mwa mwana wawo. "Ndiye gwira. Zosweka uziika uko."

Anali atasankha njerwa zosakwana makumi awiri pamene a Luciana, apampando a komiti ya sukulu, anafika. Kumbuyo kwawo, pansi pa mtengo umene ana anaphunzirirapo zaka makumi awiri, anthu anali atayamba kukhala pansi. Njinga yamoto ya Leonel inali itatsamira tsinde la mtengowo.

"Ivete, anthu akufuna kumva kwa iwe," anatero a Luciana. "Akuti padali munthu wokonza galimoto ola limodzi, iwe udakana. Akufunanso kudziwa chimene chidadwalitsa galimoto yawo, popeza sidathe ndi chaka chomwe. Ngati pali munthu adaiononga, chiwongolero achisiye lero."

Ivete anagwira thumba la ovololo yake. Botolo la phulusa linali momwemo. Kungolitulutsa n'kunena kumene phulusalo linachokera, mlandu wonse ukanachoka pamutu pake.

Anayang'ana kumbuyo kwa gulu lija. A Jossias anali atakhala pamwala paokha, chisoti chili pabondo, manja onse awiri atawakhalira.

Ivete anaika njerwa pamulu wa zamoyo, napukuta manja, nayamba kuyenda kulowera kumtengo.